Mphasa Ili ndi Ngodya Zinayi: Kuthandiza Mayi Amene Khansa ya M'mawere Yafika Patali

Mawu a Mulungu: Marko 2:1-12, Yakobo 5:13-16

 

Marko Woyera akutisimbira za tsiku lina ku Kapernao pamene nyumba imene munali Yesu inadzaza mpaka pakhomo. Anthu anayi anabwera atanyamula munthu wofa ziwalo. Atasowa polowera, anakwera padenga, analisasula, n'kumutsitsa ali pamphasa yake. Mlaliki akunena kuti Yesu anaona chikhulupiriro cha anthu onsewo, wodwala pamodzi ndi omunyamula. Munthu uja sakanafika yekha. Ndipo mmodzi mwa anayiwo akanataya ngodya yake, wodwalayo akanagwera panjira.

Mwezi wa Okutobala uliwonse timamva uthenga wakuti amayi azipimitsa mawere msanga. Ndi uthenga wabwino ndipo tipitirize kuulalika. Koma lero tikulankhula za mayi amene wamva kale kwa dokotala kuti matenda afika patali. Kwa iye, mawu akuti "mukanabwera msanga" salinso mankhwala. Chimene tikufuna kuti iye ndi abale ake amve ndi ichi: matenda amene sangathe kuchiritsika kotheratu angathe kuthandizika, ndipo thandizolo limafuna anthu angapo ogwira mphasa.

Kufika patali n'kutani?

Thupi lathu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Khansa imayamba pamene maselo ena ayamba kuchulukana mosalamulirika n'kupanga chotupa. Madokotala amagawa khansa ya m'mawere m'masiteji 4. Pa siteji 1 ndi 2 chotupa chimakhala chikadali chaching'ono. Pa siteji 3 chimakhala chakula, chagwira khungu kapena chifuwa, kapena chatupitsa kwambiri anabere a m'khwapa. Khungu la bere limatha kuoneka ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere kulowa m'kati, kapena chilonda kutseguka. Pa siteji 4 khansa imakhala yayenda ndi magazi kukafika kumalo ena, makamaka m'mafupa, m'mapapo, m'chiwindi kapena mu ubongo.

Kusiyana kwa masiteji awiri omalizawa n'kofunika kukumvetsa. Pa siteji 3 madokotala amatha kulimbana ndi matenda ndi cholinga chowachiritsa. Pa siteji 4 cholinga chimakhala kuwagwira kuti asathamange, kuchepetsa zowawa ndi kutalikitsa moyo. Alipo amayi a siteji 4 amene amakhala zaka akumwa mankhwala, akulima ndiponso akulera ana awo. Choncho funso loyamba kufunsa dokotala ndi lakuti: matenda anga ali pa siteji iti, ndipo mankhwalawa cholinga chake n'chiyani?

Vutoli si la m'chigwa muno mokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2022 amayi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere ndipo 670,000 anamwalira nayo. Muno m'Zambia ndi khansa yachiwiri kuchuluka mwa amayi, pambuyo pa khansa ya khomo la chiberekero. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2020, wotsatira odwala m'mayiko 5 a mu Africa kuphatikizapo Zambia, anapeza kuti patapita zaka 3 pafupifupi theka lokha la amayiwo ndi amene anali moyo. Zifukwa zazikulu zinali kufika mochedwa ndi kusalandira mankhwala okwanira. Chifukwa chachiwirichi ndi chimene ife Akhristu tingathe kuchitapo kanthu lero lomwe.

Tisamuweruze mayi amene anachedwa. Chotupa cha khansa nthawi zambiri sichipweteka poyamba, ndipo munthu wa ana ndi munda sasiya khasu chifukwa cha kanthu kosawawa. Khansa siyambukira pogwirana chanza, podyera mbale imodzi kapena pogona mphasa imodzi. Si ufiti, ndipo si chilango cha chigololo. Imagwiranso abambo, ngakhale ndi ochepa kwambiri. Ophunzira atafunsa Yesu kuti anachimwa ndani pa nkhani ya munthu wobadwa wosaona, pa Yohane 9, Ambuye anakana kuloza chala wodwalayo kapena makolo ake. Ifenso tikane.

Ngodya yoyamba: mankhwala a kuchipatala

Ulendo umayambira pakiliniki yapafupi, monga ya Kakumbi kapena ya Masumba. Kuchoka apo wodwala amatumizidwa ndi kalata ku chipatala chachikulu monga cha mishoni cha Kamoto, kenako ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete. Chipatala cha khansa cha dziko lonse, Cancer Diseases Hospital, chili ku Lusaka pafupi ndi UTH, ndipo chinatsegulidwa mu 2007. Kuchoka ku Mfuwe kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi ena pafupifupi 570. Ulendo wotere suchitika kamodzi kokha. N'chifukwa chake banja liyenera kudziwiratu chimene chikubwera.

Choyamba madokotala amatenga kachidutswa ka chotupa kukakapima. Amati biopsy. Pali mantha akuti chotupa chikakhudzidwa ndi singano kapena mpeni chimakwiya n'kufalikira. Si zoona. Popanda kupima kumeneku dokotala amakhala ngati mlenje wosaka usiku wopanda mwezi, pakuti khansa ya m'mawere ili ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mankhwala ake.

Mtundu wofala kwambiri, woposa theka la odwala, ndi umene umakula chifukwa cha mahomoni achikazi a m'thupi. Umenewu umamva mapiritsi otsekereza mahomoniwo. Odziwika kwambiri ndi tamoxifen, amene amamwa kamodzi patsiku. Amayi amene anasiya kusamba amathanso kupatsidwa letrozole kapena anastrozole. Ubwino wake kwa ife a kutali ndi wakuti munthu amamwera kunyumba. Amabweretsa kutentha kwadzidzidzi m'thupi ndi thukuta, zimene zimavuta kwambiri m'dzuwa lathu la Okutobala, koma asalekedwe popanda mawu a dokotala. Womwa tamoxifen asatenge pakati, ndipo akaona magazi achilendo kunjira ya amayi kapena mwendo umodzi watupa ndi kupweteka, apite kuchipatala.

Mtundu wina, pafupifupi wodwala 1 mwa 5, uli ndi chizindikiro chotchedwa HER2. Umenewu uli ndi mankhwala akeake otchedwa trastuzumab. Ndi okwera mtengo, choncho funsani dokotala ngati wodwala wanu akuwafunika ndi mmene angawapezere. Mtundu wachitatu ulibe zizindikiro zonsezi, ndipo umadalira kwambiri chemotherapy.

Chemotherapy, imene ambiri amangoti kemo, ndi mankhwala amphamvu opha maselo ochulukana msanga. Kawirikawiri amaperekedwa m'dripi kamodzi pa masabata 3 alionse, kangapo motsatizana. Ena mwa iwo, doxorubicin, ndi ofiira ndipo amafiiritsa mkodzo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Alipo enanso a mapiritsi otchedwa capecitabine. Kemo imathothola tsitsi, imabweretsa mseru ndi kufooka. Tsitsi limameranso mankhwala akatha, ndipo a mseru aliko, muwapemphe. Pa siteji 3 madokotala amakonda kuyamba ndi kemo kuti chotupa chichepe, kenako opaleshoni, kenako radiotherapy, kumene kuli kuwotcha malo odwalawo ndi cheza cha makina. Pa siteji 4 opaleshoni siichitika kwa aliyense, chifukwa kuchotsa bere sikuchotsa matenda amene ali m'mafupa. Dokotala akanena kuti sachita opaleshoni, sikuti wamutaya wodwalayo. Radiotherapy imathandiza kwambiri fupa lopweteka ndi chilonda chotuluka magazi, ndipo pali mankhwala a m'dripi olimbitsa mafupa.

Pali zinthu ziwiri zimene banja lililonse liyenera kuziloweza, chifukwa sizidikira kuti kuche. Choyamba ndi kutentha thupi kwa munthu amene ali pa kemo. Kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 atalandira dripi, chitetezo cha m'magazi chimatsika kwambiri. Kuno kwathu thupi likatentha timathamangira kunena kuti ndi malungo. Angakhaledi malungo, koma angakhalenso matenda olowa m'magazi amene amapha m'maola ochepa. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ndipo auzeni anamwino tsiku limene analandira kemo. Chachiwiri ndi msana wopweteka kwambiri pamodzi ndi miyendo yofooka kapena yadzanzi, kapena kulephera kukodza. Zimenezi zimasonyeza kuti khansa ikupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, ndipo kuchedwa kungamupundule. Amene ali pa ma ARV apitirize kumwa ndipo adziwitse madokotala a mbali zonse ziwiri.

Ngodya yachiwiri: kuthetsa ululu

Pali chisamaliro chimene a chipatala amachitcha palliative care, ndiko kuthetsa ululu ndi zovuta zina za thupi ndi mtima. Ambiri amaganiza kuti n'cha masiku omaliza okha, pamene chiyenera kuyamba limodzi ndi mankhwala enawo. Anachikhazikitsa mwamphamvu ndi mayi wachikhristu, Cicely Saunders, amene anatsegula nyumba ya St Christopher's ku London mu 1967. Mu 1993 dokotala Anne Merriman anayambitsa ntchito yomweyi ku Uganda, n'kuonetsa kuti morphine wamadzi wotsika mtengo angathe kumwedwa bwinobwino ngakhale kumudzi.

Mu 1986 WHO inaphunzitsa kuti mankhwala a ululu azikwera ngati makwerero. Poyamba Panado ndi anzake, ululu ukakula codeine kapena tramadol, ukapitirira morphine. Lamulo lake ndi kumwa pa nthawi yake, osadikira kuti ululu ubwerere. Morphine wamadzi amamwedwa maola 4 alionse monga walembera dokotala. Akaperekedwa moyenera safulumizitsa imfa. Amalola munthu kugona, kudya ndi kupemphera. Amadzimbitsa m'mimba, choncho pemphani mankhwala ofewetsa ndipo wodwala azimwa madzi ndi kudya zipatso monga papaya. Botolo lisungidwe posafika ana. Kupirira ululu umene ukanatha kuchotsedwa si chiyero, ndipo kupempha mankhwala si kuchepa chikhulupiriro.

Chilonda cha bere chikayamba fungo, amayi ambiri amadzitsekera m'nyumba n'kusiya kupita kutchalitchi. Koma fungo lili ndi mankhwala. Chilondacho chitsukidwe tsiku lililonse ndi madzi owiritsa ozizira, othira kasupuni kamodzi ka mchere mu theka la lita. Anamwino angakuphunzitseni kuperera mapiritsi a metronidazole, amene ambiri timawadziwa kuti Flagyl, n'kuwaza pachilondapo. Nsalu ikamatirira, inyowetseni musanaichotse kuti magazi asatuluke. Masana wodwala apume m'neti kuti ntchentche zisamuvute. Mphini, phulusa ndi zitsamba zowotcha zimangokulitsa chilonda.

Ngodya yachitatu: mnzake woyenda njira yomweyo

Pali mawu amene mwamuna, mwana, ngakhale dokotala sangawanene, koma mayi amene anadutsamo angawanene. Iye amadziwa mmene mtima umachitira tsiku limene tsitsi latsalira m'chipeso. Amadziwa mmene amamangira duku, mmene amasokera kansalu kofewa koika mbali imene bere linachotsedwa, chakudya chimene chimatsika pakhosi mseru ukavuta, ndi pamene munthu wochokera ku Malambo angagone akafika ku Lusaka usiku. Mayi woopa kemo akaona mnzake amene anailandira ali kutunga madzi, tsitsi litameranso, amalimba mtima kuposa mmene akanalimbira ndi ulaliki wathu wonse. Paulo Woyera, pa 2 Akorinto 1, akuphunzitsa kuti Mulungu amatitonthoza kuti chitonthozo chomwecho tikachipereke kwa ena.

Ntchito imeneyi si yachilendo kwa ife. M'zaka zimene Edzi inatilanda abale ambiri, mipingo ndiyo inayambitsa magulu osamalira odwala kunyumba. Ma ARV atabwera, anali anthu omwa mankhwalawo amene anaimirira n'kulimbikitsa anzawo kuti asaleke. Nzeru yomweyo ikufunika pa khansa. Ku Lusaka kuli mabungwe monga Zambian Cancer Society, limene anayambitsa mayi Udie Soko amene iwonso anadwalapo khansa, ndi Breakthrough Cancer Trust. Amene mukupita ku chipatala cha khansa funsani anamwino za magulu otere, ndipo musachoke pamzere wodikira musanapatsane nambala ya foni ndi mayi mmodzi wa kuno kum'mawa.

Kuno kumudzi gulu silifuna ofesi kapena ndalama za alendo. Amayi awiri kapena atatu okumana pansi pa mtengo wa mango kamodzi pamwezi, kapena oimbirana foni mvula ikadula misewu, ndi gulu kale. Makolo anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Koma gululo likhale ndi malamulo. Zolankhulidwa pamenepo zithere pomwepo. Asagawane mapiritsi, chifukwa taona kuti mitundu ya khansa ndi yosiyana, ndipo amene athandiza wina angavulaze mnzake. Pasakhale wogulitsa mankhwala odabwitsa. Wofuna kulira alire, osamuuza kuti akhale wolimba. Gululo likhale ndi namwino mmodzi amene lingamufunse likasokonezeka.

Tisabise kuti m'gulu la odwala matenda ofika patali, ena adzatsogola. Imfa ya mmodzi imagwedeza otsala, ndipo wina angaganize zosiya mankhwala. Pa nthawi imeneyo akhale pamodzi, amutchule dzina mnzawoyo, amupempherere, ndipo akumbutsane kuti ulendo wa aliyense ndi wake.

Ngodya yachinayi: banja ndi mphakati

Amayi ambiri amasiya mankhwala pakati chifukwa cha ndalama ya basi, ana osowa wowasiyira ndi munda wosowa wopalira. Apa ndi pamene mphakati, a Legio ya Maria, amayi a Chigwirizano, a Mothers' Union ndi magulu a chilimba angagwire ngodya yawo. Tengani kope, lembani masiku onse amene wodwala akufunika kuchipatala, ndipo mugawane: uyu aperekeza, uyu agona ndi ana, awa apalira chimanga ndi thonje, awa alondera njovu usiku m'malo mwa mwamuna amene ali ku Lusaka. Woperekeza anyamule makalata onse a chipatala, chiphaso cha NHIMA ngati chilipo, ndi kabuku kolembamo zimene dokotala wanena, pakuti munthu wamantha amaiwala. Funsaninso ku ofesi ya Social Welfare ku boma ndi kwa ogwira ntchito yomweyo m'chipatala.

Inu abambo, lonjezo la paukwati linatchula matenda. Mkazi amene bere lake lachotsedwa akadali mkazi wanu, ndipo khansa siingakuyambukireni. Kumutumiza kwa amayi ake kuti mupeze wina ndi tchimo, ngakhale mudzi utakhala chete. Inu amalume ndi achemwali, mukakhala pansi kukambirana za wodwala, iye akhalepo ndipo alankhule. Thupi ndi lake. Akafuna kudziwa zoona za matenda ake, musamubisire. Akafuna kunena za amene adzalere ana ake kapena za munda wake, musamutseke pakamwa kuti akudziitanira imfa. Ana nawonso auzidwe zoona m'mawu oyenera msinkhu wawo, chifukwa mwana wobisiridwa amaganiza zoopsa kuposa zimene zilipo. Ndipo ikafika nthawi imene wodwala ndi dokotala agwirizana kuti kemo ikumufooketsa kuposa mmene ikumuthandizira, kusiya kemo si kusiya chisamaliro. Ngodya zinazo zimagwiridwabe mpaka pomaliza.

Pocheza ndi wodwala tikumbukire abwenzi a Yobe. Anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete. Anayamba kumupweteka atatsegula pakamwa kufufuza tchimo lake. Tisanene kuti akanakhala ndi chikhulupiriro akanachira. Tisasimbe za onse amene tikuwadziwa kuti anafa ndi khansa. Tibwere ndi mtolo wa nkhuni, ndowa ya madzi kapena phala la nsinjiro, tikhale pansi, timvetsere.

Pemphero ndi mankhwala

Ena amauza odwala kuti kumwa mankhwala n'kukayikira Mulungu, n'kuwagulitsa madzi kapena mafuta. Mayi wa pa Marko 5 anadwala zaka 12 ndipo chuma chake chonse chinathera kwa omulonjeza machiritso. Yesu sanamulipiritse kanthu. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limatilangiza kulemekeza dokotala ndi kupemphera, zonse pamodzi. Yakobo akuti wodwala aitane akulu a mpingo kuti amupempherere ndi kumudzoza mafuta. Sakramenti la Kudzoza Odwala si chizindikiro chakuti munthu akufa mawa. Ndi mphamvu ya paulendo, ndipo angalilandire asanapite ku opaleshoni kapena matenda akakula. Mpingo umakumbukira Agata Woyera wa ku Sicily pa 5 Febuluwale, namwali amene anazunzidwa podulidwa mawere, ndipo odwala mawere amamutenga ngati nkhoswe yawo. Pa 11 Febuluwale timachita Tsiku la Odwala, limene analikhazikitsa Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu 1992. Ndi mwezi wa matope ndi njala kuno kwathu, pamene odwala amaiwalika kwambiri. Mphakati uliwonse ukakumana sabata ino udzifunse kuti m'dera lathu ndani wagona pamphasa, ndipo ndi ngodya iti imene ilibe woigwira.

Tipemphere

Atate achifundo, tikupereka kwa Inu amayi ndi abambo onse a m'chigwa chino amene akudwala khansa. Achotsereni mantha ndi manyazi. Dalitsani manja a madokotala ndi anamwino a ku Kakumbi, ku Masumba, ku Kamoto, ku Chipata, ku Katete ndi ku Lusaka. Tetezani amene ali paulendo wokalandira mankhwala, ndipo sungani ana amene atsala kunyumba. Limbitsani osamalira odwala amene atopa. Tipatseni ife mtima wosataya ngodya imene mwatipatsa. Amene afika kumapeto a ulendo wawo, alandireni mumtendere wanu. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.